Akatswiri a mavairasi a korona tiziwatchula chiyani?

Funso pano ndi la dzina la asayansi ofufuza mavairasi a korona. M'Chingerezi ena amati coronavirologist, koma liwuli limapinda lilime. Ine ndimangoti akatswiri a mavairasi a korona, aliyense n'kumva.

Chondikhudza kwambiri n'chakuti ntchitoyi sinayambe ndi Covid-19 ayi. Wasayansi wina dzina lake June Almeida anajambula vairasi yamtunduwu m'zaka za m'ma 1960 pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Timinga toizungulira timaoneka ngati chisoti chachifumu, chomwe m'Chilatini ndi corona. SARS itabuka mu 2002, kenako MERS mu 2012, omwe ndi matenda oyambitsidwa ndi mavairasi a korona, akatswiriwa anapitiriza kufufuza timinga timeneti ambirife titaiwala kale, ndipo opanga katemera wa Covid-19 anayambira pomwepo.