Ka Polo si Corolla ya atate anu: chenjezo kwa eni timagalimoto ta turbo

Pabwalo panga pali ka Polo koyera kamene kakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira mwezi watha, mpaka nkhuku zayamba kubisala dzuwa kunsi kwake. Mwini wake ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wopita kusukulu, wa ntchito yake yabwino ku Blantyre. Anafika nako chokokedwa pa chingwe, nkhope ili gwa, n'kumati, "Amalume, timagalimoto tamakonoti n'tosalimba." Ndinamufunsa kuti oyilo anasintha liti, ndipo anathira wamtundu wanji. Anangoyang'ana pansi. Titatsegula chotsekera oyilo tinapeza phala lakuda bii, lomata ngati phula la pamsewu.

Ndiye ndati ndilankhule nanu nonse, ana anga, chifukwa ali ngati iyeyu ndi ambiri. Mukuitanitsa timagalimoto ta injini yaing'ono ya turbo kuchokera ku Japan, tikutsikira pa Dar es Salaam, tikulowa pa Songwe, ndipo mukutisamala ngati Corolla ija atate anu ankathiramo oyilo aliyense n'kumayendabe zaka makumi awiri. Corolla ija inkakhululuka. Aka sikakhululuka ayi.

Taonani kaye chimene mwagula. Injini ya 1.2 TSI ya Volkswagen, imene ili mu Polo ndi Golf zambiri za cha m'ma 2010, ndi ya 1,197 cc basi, masilinda anayi. Koma imatulutsa 105 horsepower, kutsala pang'ono kufanana ndi injini ya 1NZ ya Toyota ya malita 1.5. Pa mphamvu yokokera ndiye imaiposa kumene: 175 Nm kuyambira pa 1,550 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), pamene 1NZ imafika cha pa 140 Nm itakuwa kale kupitirira 4,000 rpm. N'chifukwa chake kamakoma pokwera phiri, n'chifukwa chakenso mumakakonda. Koma mphamvu imeneyo siichokera kumwamba. Turbo imakankhira mpweya wambiri m'kainjini kakang'ono, petulo amafayiridwa mwachindunji mu silinda, ndipo chilichonse mkatimo chimagwira ntchito chitapanikizika, chitatentha. Ndi mwana wamng'ono amene mwamusenzetsa thumba la munthu wamkulu. Asenza ndithu, koma muzimudyetsa.

Chakudya chake ndi oyilo, ndipo apa ndi pamene mukundikwiyitsa.

Turbo imayendetsedwa ndi utsi wotuluka mu injini, utsi umene umatentha mpaka cha m'ma 900 digiri galimoto ikalemedwa. Kachitsulo kake kapakati kamazungulira maulendo oposa 150,000 pa mphindi imodzi, katayandama pa oyilo wopyapyala kuposa tsitsi, wobwera kudzera m'kapaipi kakang'ono. Oyilo yense wa mu injini imeneyi sakwana n'komwe malita 4. Yemweyo aziziritse turbo, yemweyo afewetse mabering'i, yemweyo akankhe chokokera tcheni cha mu injini. Inu n'kupita pansi pa mtengo kwa makaniko wothira oyilo wa m'mgolo wopanda dzina, wa 20W-50, ati chifukwa "kuno n'kotentha, pamafunika wolemera". Wolemerayo m'mawa amachedwa kufika ku turbo, ndipo masekondi amenewo chitsulo chimadya chitsulo chinzake. Buku la galimoto limanena oyilo wa sinthetiki wokhala ndi chilolezo cha VW 502 00 kapena 504 00, kawirikawiri 5W-30 kapena 5W-40. Manambala amenewa amalembedwa kumbuyo kwa chigubu. Tembenuzani chigubucho muwerenge, si inu ophunzira kodi?

Ndipo musanamizidwe ndi zimene mumawerenga pa intaneti zoti oyilo amakhala makilomita 30,000. Zimenezo anakonzera misewu ya ku Ulaya, ya phula lokhalokha, galimoto yoyenda mitunda italiitali. Kuno tili ndi fumbi la mu Okutobala, ndi mizere ya magalimoto ya m'mawa pa Chipembere Highway kapena polowa ku Area 18, injini ikungolira osasuntha. Ine langizo langa n'lakuti musapitirire makilomita 7,500, ngakhale kuchepera, ndipo fyuluta ya oyilo isinthidwe tsiku lomwelo, yeniyeni, osati ija yotchipa yongofanana maonekedwe. Galimoto ikangofika kuchokera kudoko, isanapite kukaonetsedwa kwa apongozi, oyilo atsike. Simukudziwa kuti wa ku Japan uja anathira liti, ndipo yayenda kale makilomita oposa 1,000 m'manja mwa dalaivala wothamangira kukatenga ina.

Kenaka mayendetsedwe. Mumadzuka mochedwa, kuliza injini, n'kuponda moto pomwepo ngati mukuthawa ngongole. Oyilo akadali wozizira, sanazungulire. Sindikuti muziyimika galimoto ikulira theka la ola, zimenezo n'kuwononga mafuta chabe. Lizani, dikirani pang'ono, nyamukani mofatsa, ndipo mphindi zoyambirira musaikuwitse. Kumapeto kwa ulendo n'chimodzimodzi. Munthu wakwera phiri lochokera ku Chikwawa, kapena la Chiweta, kapena makhotakhota a ku Golomoti, katundu thoo, anthu asanu, wafika pamwamba n'kuzimitsa nthawi yomweyo kuti ajambule chithunzi. Turbo ili psuu, oyilo wasiya kuyenda, wotsalira mkatimo amapserera n'kusanduka makala. Lero pang'ono, mawa pang'ono, kapaipi kaja kamatsekeka. Mphindi imodzi kapena ziwiri injini ikulira yokha musanazimitse, kodi n'zovuta?

Za tcheni ndinene mosabisa, chifukwa apa vuto si lanu nokha. Injini zoyambirira za 1.2 ndi 1.4 TSI, za banja lotchedwa EA111, zimadziwika kuti tcheni chake cha taiming'i, chimene chimagwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni, chimatamuka msanga. Mu banja lotsatira la EA211, limene linaikidwa mu Golf 7 ya mu 2012, anabwerera ku lamba. Chizindikiro chake sichibisika: m'mawa mukaliza, mumamva phokoso la gwedegwede kwa masekondi angapo, kenaka zii. Kumeneko ndi kudandaula kwa tcheni. Inu mumakweza wailesi. Tsiku limene tcheni chidzalumphe mano, mavavu adzakumana ndi mapisitoni, ndipo m'malo mogula tcheni ndi chokokera chake mudzakhala mukufunsa mtengo wa injini yonse. Paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Chokokera tchenicho chimadalira mphamvu ya oyilo, choncho oyilo woipa uja amafulumizitsanso imfa ya tcheni. Zonse zimabwerera pamodzimodzi.

Abale athu a ku Johannesburg ndi ku UK amene muli ndi Ford ya 1.0 EcoBoost, ya masilinda atatu ija, musaseke. Pa zambiri zanuzo lamba wa taiming'i amayenda atamira mu oyilo. Mukathira oyilo wolakwika kapena kuchedwa kusintha, lambayo amanyenyeka, zinyenyeswazi n'kutseka kasefa kokokera oyilo pansi, injini n'kufa ndi ludzu oyilo ali wodzaza.

Mafuta nawo. Petulo akasowa ndikudziwa mmene zimakhalira, nanenso ndagonapo pamzere. Koma wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu simudziwa chimene asakanizamo. Injini imeneyi inapangidwira petulo wa 95 octane, ndipo ku Japan imamwa wapamwamba. Mukaipatsa wosakaniza ndi parafini imagogoda mkati, pisitoni n'kung'aluka. Minibasi yakale imeza zimenezo n'kumangotsokomola, aka ayi. Kuli bwino kakhale pakhomo masiku awiri inu mukwere kabaza.

Pali zina zimene amakaniko ena amachita zoti ndikaziona mutu umandiwawa. Kuchotsa thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, ati kuti injini isamatenthe. Kuthira madzi a pamjigo mu radiyeta m'malo mwa coolant wofiirira uja wa G12 kapena G13, pamene pa injini imeneyi madzi amaziziritsanso mpweya wochokera ku turbo. Kupopera fyuluta ya mpweya ndi kompuresa mpaka kubooka, n'kuibwezera, fumbi n'kumakapala timapiko ta turbo ngati sandipepala. Kuika mapulagi a galimoto ina chifukwa alowa pabowo. Ndipo choipitsitsa, nyali yochenjeza za vuto la injini, ya EPC kapena ya check engine, ikayaka, kungoizimitsa ndi kompyuta osafufuza chayatsa, ena mpaka kumatapo tepi yakuda. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka, imani pomwepo, zimitsani. Osati "ndingofika pa Zalewa". Simufika.

Giya yodzisintha yokha ya DSG ya magiya 7 imene imabwera ndi magalimoto amenewa ndi nkhani ya tsiku lina, koma dziwani kuti makilatchi ake ndi ouma. Kukwawa pang'onopang'ono pamzere phazi lili theka pa buleki, kapena kuigwira pachitunda ndi moto m'malo mwa buleki, kumawaotcha.

Wina anena kuti madala akudana ndi zamakono. Ayi ndithu. Ndakayendetsapo kagalimoto kotere kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu, ndipo mafuta amene kanamwa anandidabwitsa kuchepa kwake. Kali bwino, m'manja mwa munthu wosunga buku la sevisi ndi kusolola dipisitiki Loweruka lililonse, poti injini zimenezi zina zimamwako oyilo pang'ono ngakhale zili zamoyo. Chimene ndikukana ndi ichi: ndalama ya marimu onyezimira ndi zokuzira mawu ilipo, ya matinti ilipo, koma ya malita anayi a oyilo woyenera ndiye mukuti zinthu zadula. Ngati thumba lanu silingathe oyilo ameneyu kawiri kapena katatu pa chaka, gulani galimoto ya injini wamba yopanda turbo, palibe manyazi pamenepo.

Za mwana wa mchemwali wanga uja, titamasula tinapeza kapaipi ka oyilo wa ku turbo katatsekeka ndi makala, kachitsulo kapakati kakugwedera ngati dzino la nkhalamba. Anayenda makilomita pafupifupi 20,000 pa oyilo wa m'mgolo, kumangowonjezera akachepa. Turbo ina taitanitsa ku South Africa, ndipo mtengo wake ndi woti akanagula oyilo wabwino zaka zingapo. Ndamuuza kuti ikafika abwere yekha ndi ovolosi, adzagwire sipanala, poto wa pansi pa injini adzatsuke ndi manja ake.