Ndere si udzu, chonde!

Dzulo mwana wa achemwali anga anabwera ndi kope lake nkhope ili ndwii. Anawauza kuti amasulire mawu akuti seaweed m'Chichewa, iye n'kulemba kuti "ndere za m'nyanja". Aphunzitsi anamuthetha ndi cholembera chofiira, pambali n'kulembapo "udzu wa m'nyanja". Mpaka pano mtima sunatsike.

Mwanayu anakhoza! Ndere si udzu. Udzu uli ndi mizu, umachita maluwa, umabala njere. Ndere zilibe chimodzi mwa zimenezi. Kooneka ngati mizu kunsi kwakeko n'kongogwirira pamwala kuti mafunde asazikokolole, sikayamwa kanthu, chakudya zimatenga m'madzi momwemo ndi thupi lonse. Aliyense amene anatererapo pamwala wa mumtsinje n'kugwa chagada akuzidziwa ndere: zobiriwira, zoterera, ukazifinya m'manja pamangotsala kanthu konanda. Za m'nyanja yamchere ndi mtundu womwewo wa zinthu, kungoti zina n'zobiriwira, zina zofiira, zina zoderako ngati khofi. Zina zimakula mochititsa mantha. Zija amati kelp za kugombe la California zimatalika kupitirira mamita 30, zimachita kupanga nkhalango pansi pa madzi. Komabe ndi ndere. Kutalika sikuzisandutsa udzu ayi.

Chondikwiyitsa kwambiri n'choti udzu wa m'nyanja uliponso, ndipo n'chinthu china. Umamera mumchenga m'madzi osaya, uli ndi mizu yeniyeni, umachita maluwa pansi pa madzi pomwepo, akamba a m'nyanja amaudya ngati ng'ombe kudambo. Tsono dzina lake mukalipereka kwa ndere, udzuwo muutcha chiyani? Zinthu ziwiri, maina awiri. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Basi aphunzitsiwo anangoona weed kumapeto kwa seaweed n'kuthamangira udzu. Safunsa anadya phula. Mawu oti ndere alipo kalekale, agogo akuwadziwa, asodzi akuwadziwa, mwana wa zaka 11 akuwadziwa. Koma wogwira cholembera chofiira ndiye ayi.

Mawa muzidabwa kuti ana akuopa kulemba chinenero chawo chomwe. Akalemba mawu amene anamva kwa makolo mukuwathetha, akalemba Chingerezi chovala malaya a Chichewa mukuwachonga. Ndatsegula tsamba lakumbuyo kwake m'kope lija, namasupuni ndiye aphunzitsiwo amulemba kuti ndere. Chomera cha masamba ndi maluwa ake poyera chonchija!