Musatinene ulesi, werengani kaye malamulo a mphotozo

Pali mawu amene andikwana. Mayina a opambana mphoto za mabuku a kafukufuku wa za Africa akangotuluka, sipalephera kudzuka munthu, Mmalawi mnzathu, n'kumati aphunzitsi a m'mayunivesite athu ndi aulesi, amangodziwa maalawansi a kunyanja, n'chifukwa chake mayina awo saoneka. Sabata ino wina wabwerezanso zomwezo, anzake n'kumamuombera m'manja. Koma inu abale, munthu ameneyu anakhalapo pansi n'kuwerenga malamulo a mphoto imodzi yokha? Ayi ndithu. Akanawerenga akanadziwa kuti anthu athu sagonja pa mpikisanowu. Salowamo n'komwe. Khomo lake analipanga mwakuti wokhala kuno asakwanepo.

Tiyambe ndi yaikulu. Bungwe la African Studies Association la ku America limapereka mphoto ya buku lopambana chaka chilichonse. Inayamba mu 1965, kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina la Herskovits, panopa amangoti ASA Best Book Prize. Lamulo lake lili poyera: buku likhale la m'Chingerezi, likhale lotuluka chaka chathachi, ndipo likhale loti likugulitsidwa ku United States. Zinthu zitatu basi, koma taonani amene agwa nazo. Wolemba mbiri ya Tete kapena Angónia m'Chipwitikizi, n'kusindikiza ku Maputo, wagwa pa lamulo loyamba. Wolemba m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chibemba wagwa pomwepo. Amene buku lake analisindikiza makope ochepa ku Blantyre kapena ku Lusaka, n'kumaligulitsa m'sitolo ziwiri ndi m'buti ya galimoto yake, wagwa pa lachitatu. Palibe woweruza amene watsegula tsamba ngakhale limodzi la anthu amenewa. Ndiye mukuti aulesi?

Wina anena kuti aliponso a African Books Collective ku Oxford, amene amafalitsa kunja mabuku a osindikiza a ku Africa, kuphatikizapo a Kachere ku Zomba ndi a Mzuni Press ku Mzuzu. Zoona, ndipo ntchito yawo ndi yotamandika. Koma kupezeka pa intaneti si kulowa mpikisano. Pa mphoto zambiri za mtundu umenewu wosindikiza ndi amene amapereka dzina la buku, n'kutumiza makope kwa oweruza tsiku lotsekera lisanakwane. Osindikiza a mayunivesite akuluakulu a ku America ndi ku Britain ali ndi antchito amene ntchito yawo ndi yomweyo: kusunga kalendala ya mphoto, kudzaza mafomu, kulongedza mabuku. Wosindikiza wa kuno nthawi zambiri ndi anthu awiri kapena atatu, mkonzi yemweyo, wogulitsa yemweyo, wothamangitsa angongole yemweyo. Akadzamva za mphotoyo, tsiku linapita kale, ndipo chaka chamawa bukulo lidzakhala litakalamba malinga ndi lamulo lachiwiri lija. Mwayi ndi umodzi, ukaphonya waphonya.

Pitani ku Britain. African Studies Association ya kumeneko ili ndi mphoto ya Audrey Richards, yoperekedwa kamodzi pa zaka ziwiri kwa wolemba PhD yabwino koposa pa za Africa. Mayi Richards dzina lawo linamveka chifukwa cha kafukufuku amene anachita pakati pa Abemba kumpoto kwa Zambia m'zaka za m'ma 1930. Koma PhD yopikisana iyenera kukhala yoyesedwa pa yunivesite ya ku Britain. Mwana wa Chibemba wolemba za agogo ake omwewo pa yunivesite ya ku Lusaka sangalowe. Sindikuti a ku Britain alibe ufulu wolemekeza ophunzira awo, ndalama ndi zawo. Chimene ndikukana n'chakuti wina atenge mndandanda wa opambana pamenepo n'kuupanga muyeso wa nzeru za anthu a ku Zomba.

Ndalama za kafukufuku n'chimodzimodzi. British Academy ili ndi thandizo laling'ono lofika mapaundi 10,000, lokwanira bwino kukhala miyezi ingapo ku National Archives ku Zomba ndi kuzungulira m'midzi kufunsa nkhalamba. Wopempha wamkulu ayenera kukhala wokhala ku United Kingdom. Wa kuno angalowe ngati wothandizana naye, ngati mwini pempho wamukumbukira. African Humanities Program, imene inayamba mu 2008 ndi ndalama za Carnegie Corporation, inali ndondomeko yabwino zedi chifukwa inkagulira munthu nthawi yolembera, n'kumuchotsa m'kalasi. Mayiko ake anali asanu: Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Malawi mulibe. Zambia mulibe. Mozambique mulibe, Zimbabwe mulibe. Chifukwa chake akuti ndi mayiko amene opereka ndalamawo ankagwiramo kale ntchito, chabwino. Koma zotsatira zake n'zakuti mnzathu wa ku Dar es Salaam anapeza chaka chomalizira buku, pamene wa ku Mzuzu anali kuchonga mapepala a mayeso a kalasi ya ana mazanamazana. Buku la mbiri sililembedwa Loweruka masana pakati pa maliro ndi ukwati. Limafuna miyezi yotsatizana munthu ali phee, ndipo miyezi imeneyo imagulidwa ndi ndalama zimene sitiloledwa kupempha.

Ndiye tinene kuti mwalowa, mwatengedwa ngati wothandizana naye pa ntchito yaikulu. Apa ndi pamene anthu osadziwa amaganiza kuti munthu walemera. Imvani mmene zimayendera. Ndalama zimapita ku yunivesite ya kunja. Iyo imalemba mgwirizano ndi yunivesite ya kuno, koma isanasayine imafuna malipoti a ma auditor, ndondomeko yolimbana ndi katangale, ndondomeko yoteteza ana, ndondomeko yosungira zofufuza, kalata ya kubanki. Mapepala amenewa amayenda miyezi, pamene nthawi ya ntchito inayamba kale kuwerengedwa. Mukasayina, nthawi zambiri amalipira m'mbuyo: mugwiritse ntchito ndalama zanu, mubweretse malisiti pakatha miyezi itatu, akubwezereni. Yunivesite imene ikuvutika kulipira madzi ndi magetsi itenga kuti zoyambira? Ndiye wofufuza amatapa m'thumba mwake, kapena amadikira. Akadikira mvula yagwa, msewu wa kumudzi wadulidwa, anthu ofunika kuwafunsa ali kumunda kupalira. Nyengo yatha, lipoti lachedwa, ndipo kunja kuja alemba kuti abwenzi a ku Malawi ndi ochedwa.

Nkhani ya malisiti yokha ndi yoseketsa ikanakhala kuti si yopweteka. Wa kabaza amene wakutengani kuchoka pa tarmac kukafika kwa agulupu alibe buku la malisiti. Amfumu simuwalonjera chimanjamanja, ndipo simungawauze kuti asayine kuti alandira shuga ndi sopo. Gogo amene wakufotokozerani za thangata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka simungamusiye osamugulira kanthu. Zonsezi ndi mtengo weniweni wa kafukufuku wa mbiri ndi chikhalidwe, ndipo zonsezi ofesi ya zachuma ya kutali imazikana. Odziwa ntchito amapanga kafomu kawokawo, dzina la mudzi, tsiku, ndalama, chidindo cha chala, mboni, ndipo amagwirizana ndi opereka ndalama asanapite kumudzi kuti kafomuko kadzalandiridwa. Wosadziwa amazindikira atabwerako, ndipo zimamuthera yekha.

Onjezani kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene bajeti yake inalembedwa m'makwacha, kapena amene ndalama zake zinasinthidwa zonse tsiku lofika, anadzuka m'mawa n'kupeza mafuta a maulendo khumi akukwanira asanu kapena asanu ndi limodzi. Mgwirizano ulibe mzere wa zimenezo. N'chifukwa chake wanzeru amalimbikira kuti bajeti ikhale m'ndalama ya opereka, isungidwe mu akaunti ya ndalama zakunja, izisinthidwa pang'onopang'ono. Koma amene amamenyera zimenezi ndi amene ali ndi mawu pa mgwirizano, ndipo wothandizana naye mawu alibe. Mu 2021 boma la Britain litadula thandizo lake lakunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, ntchito zambiri za Global Challenges Research Fund, thumba la bomalo la ndalama za kafukufuku, zinadulidwa zili pakati. Pulofesa wa kunja malipiro ake a pamwezi anapitirira. Achinyamata amene analembedwa ntchito kuno pa kontrakiti ndi amene anauzidwa kuti basi.

Ndiye munthu amene wadutsa m'minga yonseyi mukumuyerekeza ndi mnzake amene ali ndi laibulale yolembetsa magazini onse, tchuthi cholipidwa cholembera buku, ndi ofesi yathunthu yomulembera bajeti. Mukuti awiriwa anayambira pamzere umodzi, winayu wangochita ulesi.

Umboni wakuti vuto ndi khomo ulipo, ndipo si wa dzulo. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la ku London loona za ziyankhulo ndi chikhalidwe cha Africa linkachititsa mpikisano wa zolemba za m'ziyankhulo zathu. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, analemba m'Chinyanja n'kupata mphoto, ndipo Cullen Young anamasulira bukulo m'Chingerezi, linatuluka mu 1934. Nthawi ya atsamunda imeneyo! Kenako kunabwera Noma Award, ya ndalama za ku Japan, imene inayamba kuperekedwa mu 1980. Lamulo lake linali lotembenuza zonse: wolemba akhale wa ku Africa, buku likhale losindikizidwa mu Africa, chiyankhulo chilichonse cha kuno chiloledwa. Mu 1984 Gakaara wa Wanjau wa ku Kenya anaipata ndi buku la m'Chikikuyu. Mu 1994 anaipata Mmalawi, Paul Tiyambe Zeleza, ndi buku la mbiri ya chuma cha Africa m'zaka za m'ma 1800, losindikizidwa ndi CODESRIA, bungwe la ofufuza a mu Africa, ku Dakar. Khomo litatseguka tinalowa. Mphoto imeneyi inatha mu 2009, ndipo ya kukula kwake yolandira mabuku a kafukufuku osindikizidwa kuno sitikuimva.

Makomo otseguka alipo ochepa, ndipo amene mukulemba PhD muwadziwe m'malo momvera onyoza. Wenner-Gren Foundation, ya maphunziro a chikhalidwe cha anthu, siyang'ana dziko lanu kapena kumene yunivesite yanu ili, ndipo imalandira mapempho kawiri pachaka, pa 1 May ndi pa 1 November. CODESRIA inakhazikitsidwa mu 1973 kuti itumikire ofufuza a mu Africa momwemo. Endangered Archives Programme ya British Library imalipira kujambula zikalata zakale zimene zikuwonongeka, ndipo lamulo lake ndi lakuti zenizenizo zitsale m'dziko lawo. Koma muwerenge makomo amenewa, muwerengenso anthu a kontinenti yonse amene akukanikizana pamenepo.

Ngakhale mutapambana, kukalandira ndi nkhani ina. Mphoto ya ASA imalengezedwa pa msonkhano wawo wa pachaka, umene kawirikawiri umachitikira ku America chakumapeto kwa chaka. Mu August 2025 boma la America linasankha Malawi ndi Zambia kukhala mayiko oyamba amene nzika zawo zinayenera kusungitsa chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kuti zipatsidwe viza ya alendo. Mphunzitsi wa pa yunivesite azitenga kuti, m'dziko limene banki imakuyendetsani milungu pofuna madola ochepa olipirira umembala wa bungwe lomwelo? Ku Britain nako, lipoti la aphungu a nyumba ya malamulo la mu 2019 linapeza kuti ofunsira viza ochokera ku Africa amakanidwa mowirikiza kawiri kuposa a kwina. Msonkhano wokamba za ife, ife tili pa mzere ku ofesi ya viza.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa ndi ichi. Tsegulani mabuku ambiri opambanawo, pitani pa tsamba la zothokoza. Mudzapeza dzina la mnyamata kapena mtsikana wa kuno, kawirikawiri pambuyo pa mayina a mabungwe opereka ndalama. Ameneyo ndi amene anadziwa khomo la nkhalamba yoyenera, anafunsa mafunso m'Chiyao kapena m'Chisena, anakhala usiku ndi mahedifoni kulemba mawu onse a pa tepi, ola limodzi la zokambirana likumudyera maola asanu kapena kuposa, n'kumasulira, n'kufotokozera bwana kuti mawu akutiwa gogo sanatanthauze zimene mukuganizazo. Analipidwa pa tsiku, ntchito itatha n'kubwerera kukafuna ganyu ina. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Alipo ofufuza akunja amene anaphunzira chiyankhulo, anakhala nafe zaka, ndipo amalemba limodzi ndi anzawo a kuno, amenewo ulemu wawo. Koma pa malamulo a mphoto amene ndatchula aja palibe pofunsa kuti anagwira tepi ndani, kapena ngati kope limodzi la bukulo linabwerera ku laibulale ya ku Zomba. Mwana wa pa University of Malawi ku Zomba amamva kuti kuli buku lonena za mudzi wa kwawo, mtengo wake m'madola ukuposa ndalama yake yodyera ya mwezi.

Ndipo inu a makampani a kuno musaseke ngati sizikukukhudzani. Mabanki, a mafoni, a zakumwa, chaka ndi chaka mukupikisana kuika mamiliyoni pa zikho za mpira, pa gofu, pa mipikisano ya kuvina. Palibe cholakwa ndi mpira. Koma ndani wa inu anaikapo mphoto ya chaka ndi chaka ya buku labwino koposa la mbiri ya Malawi, losindikizidwa m'Malawi, m'chiyankhulo chilichonse cha m'Malawi? Mtengo wa mayunifolomu a timu imodzi ungalipire ophunzira angati kukakhala mwezi ku Archives? Mumabwera pa graduation ndi mabanala anu, n'kujambulitsa, n'kumapita.