Chenjezo: nthenda ya ana a Irene sinachokere ku ukwati wa pachibale

Ana inu, lekani kulankhula mopupuluma. Mukangomva za ana achifumu a ku Ulaya amene ankataya magazi osaleka, mumathamangira kunena kuti nchifukwa chokwatirana pachibale. Bodza limeneli likuchititsa kuti makolo ena asamayang'ane pamene pali ngozi yeniyeni.

Irene, mwana wamkazi wa mfumu ya ku Hesse ku Germany, anabadwa mu 1866 ndipo mu 1888 anakwatiwa ndi Heinrich wa ku Prussia. Amayi awo anali pachibale cha mimba imodzi, ana a Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Kwathu kuno anthu otere sitiwatcha n'komwe asuweni, ndi mlongo ndi mlongo wake. Koma nthenda ya hemofiliya, yolepheretsa magazi kuundana, sinabwere ndi Heinrich. Iye analibe, ndipo bambo sapatsira mwana wake wamwamuna nthendayi. Imadzera mwa mayi, amene nthawi zambiri amaoneka wathanzi. Mayi wotere akabala mwana wamwamuna, mpata woti mwanayo adwale ndi theka, kaya bambo ndi wachibale kaya ndi mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja.

Zizindikiro zinalipo kale kuchikazi. Amalume ake a Irene, Leopold, anamwalira mu 1884 atagwa ku Cannes ku France. Mlongo wake wa Irene, Friedrich, anachekeka khutu mu 1873, magazi natuluka masiku 3. Mwezi wa May chaka chomwecho anagwa pawindo ku Darmstadt, nafa tsiku lomwelo magazi atakhira mu ubongo, ali ndi zaka 2.

Mwa ana atatu a Irene, Sigismund yekha ndiye analibe nthendayi. Heinrich wamng'ono anagwa n'kumenyetsa mutu mu 1904, namwalira ali ndi zaka 4. Waldemar anafika zaka 56, koma mu 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha, anafera ku Tutzing ku Germany posowa magazi omuwonjezera.

Tsono m'malo mofalitsa zopanda mutu, funsani kubanja la mayi: kodi alipo malume, kapena mwana wamwamuna wa mayi aang'ono, amene bala lake linkavuta kuuma? Mwana akayamba kukwawa n'kumatupa mawondo, akamachita mikwingwirima yakuda popanda kumenyedwa, kapena magazi akamatuluka nthawi yaitali dzino likaguluka, uzani a dokotala asanamuzule dzino kapena kumuchita mdulidwe. Musamupatse asipirini, chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Akamenyetsa mutu, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akusewera bwinobwino, pakuti magazi okhira mkati saoneka ndi maso. Masiku ano madokotala amabaya mumtsempha chinthu chimene chikusowa m'magaziwo. Kubanja la Victoria chosowacho chinali factor IX, monga zinatsimikizika mu 2009 atapima mafupa a Alexei wa ku Russia, mwana wa Alix, mng'ono wake wa Irene.