Zaka pafupifupi 30 zithunzi za Pauline Boty zili m'shedi

Usiku wathawu tulo sitinabwere msanga chifukwa cha mayi wina wa ku England amene anamwalira ine ndisanabadwe. Dzina lake Pauline Boty, wojambula zithunzi ndi utoto. Ndatha masiku angapo ndikuyang'ana zithunzi zake pa foni, ndipo mtima ukundiwawa ndi mmene anthu a m'nthawi yake anamuchitira.

Luso limene ankachita limatchedwa Pop Art. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, achinyamata ojambula ku London anayamba kutola zinthu zimene aliyense ankaziona tsiku ndi tsiku: nkhope za oimba, zithunzi zotsatsa malonda, akatswiri a mafilimu, nkhani za m'nyuzipepala. Ankadula ndi sizasi, kumata ndi guluu, kenaka n'kupaka utoto, ndiye collage imeneyo. Ine zimenezi sizachilendo kwa ine. Chipinda chimene ndinkagona kwa agogo chinali chomatidwa masamba a magazini akale, omata ndi phala la ufa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzuka nkhope ya wosewera mpira ikundiyang'ana pafupi ndi chithunzi cha sopo. Nditaona ntchito za Boty ndinazindikira kuti dzanja lodziwa kusankha chithunzi ichi n'kuchiika pambali pa icho limatha kuyankhula mawu olemera kwambiri.

Boty anabadwa mu 1938 kum'mwera kwa London. Anaphunzira ku Wimbledon School of Art, kenaka mu 1958 analowa Royal College of Art. Koma sanalowe m'kalasi la ojambula ndi utoto. Analowa la magalasi amitundumitundu, aja a m'mawindo a matchalitchi, chifukwa mwayi woti mtsikana alandiridwe kwa ojambula unali wochepa kwambiri. Zojambula zake zenizeni ankazichita kunyumba, akaweruka. Anzake anamupatsa dzina lakuti "Wimbledon Bardot", pomufanizira ndi mkazi wokongola wa mafilimu wa ku France. Apa ndi pamene ine ndimayambira kukwiya. Mtsikana wabwera ndi luso m'manja, anthu akuyang'ana tsitsi lake.

Mu 1962 BBC inaulutsa filimu yonena za achinyamata anayi a Pop Art: Peter Blake, Derek Boshier, Peter Phillips ndi Boty. Mkazi analipo yekha. Mu 1963 anachita chionetsero chakechake ku Grabowski Gallery, ndipo chaka chomwecho anakwatiwa ndi Clive Goodwin atangodziwana masiku 10. Ankasewera m'masewero a pa TV komanso kuyankhula pa wailesi. Manyuzipepala ankakonda kumujambula iyeyo ataima pafupi ndi zithunzi zake, koma chidwi chawo chinali pa thupi lake.

Tayang'anani chithunzi chake cha 1963 chotchedwa The Only Blonde in the World, chimene panopa chili ku Tate, nyumba yosungira zithunzi za luso ku Britain. Marilyn Monroe, katswiri wa mafilimu wa ku America, akuyenda, akumwetulira, koma wapanikizidwa m'kampata kakang'ono pakati pa zigawo ziwiri zobiriwira, ngati chitseko chimene chikutsekeka. Amuna ambiri anamujambula Monroe ngati chinthu chosilira. Boty anamujambula ngati mnzake amene akumumvetsa. Ndiyeno pali zithunzi ziwiri zotchedwa It's a Man's World. Choyamba, cha 1964, chili ndi nkhope za amuna otchuka monga Elvis, Einstein, Lenin ndi Muhammad Ali, aliyense ndi mbiri yake, ndipo pakati pawo pali duwa lofiira. Chachiwiri chili ndi matupi a akazi amaliseche otengedwa m'magazini, opanda mayina, ena opanda ngakhale mitu. Sanafunike kulemba chiganizo chilichonse. Anangoika zithunzi ziwirizo kuti munthu aone yekha amene dziko limamudziwa ndi dzina, ndi amene limangomudziwa ndi thupi. Pojambula choyambacho anali ndi zaka 26 zokha.

Mu 1965 ali woyembekezera, madokotala anamupeza ndi khansa. Anakana kuchotsa mimba, anakananso chithandizo chimene chikanavulaza mwanayo. Mwana wamkazi anabadwa mu February 1966. Pa 1 July chaka chomwecho Boty anamwalira ku chipatala cha Royal Marsden, ali ndi zaka 28. Zimenezi ndikaziganiza pakhosi pamandiuma. Sindiweruza chisankho chake, chinali chake, ndipo anachilipira ndi moyo.

Chimene sindingachivomereze ndi chimene chinatsatira. Anzake aamuna aja anapitirira kutchuka, mabuku akulembedwa, mitengo ya zithunzi zawo ikukwera. Za Boty zinakaikidwa m'shedi pa famu ya mchimwene wake ku Kent, n'kukhala m'menemo m'fumbi zaka pafupifupi 30. Banja lake sindiliimba mlandu, ndi iwo amene anazisunga kuti zisatayidwe. Mlandu ndikuuika pa olemba mbiri ya luso, amene ankamudziwa bwinobwino, anamuona pa TV, anafika pa zionetsero zake, koma polemba mabuku anamusiya panja ngati sanakhaleko. Ena amati anamwalira msanga, n'chifukwa chake anaiwalika. Ine ndikukana. Amuna angati amwalira ali achinyamata, imfa yawo n'kukhala chifukwa chowatamandira kwambiri?

Anali katswiri wina, David Alan Mellor, amene anatsatira mapazi ake mpaka kukafika ku shedi kuja, ndipo mu 1993 zina mwa zithunzizo zinaonetsedwa ku Barbican ku London. Katswiri winanso wa mbiri ya luso, Sue Tate, anatha zaka zambiri akufufuza za moyo wake, ndipo mu 2013 Wolverhampton Art Gallery inachita chionetsero chachikulu cha ntchito zake, patatha zaka 47 chimwalirireni.

Koma si zonse zimene zinabwerera. Chithunzi chake cha Scandal '63, choonetsa Christine Keeler, mtsikana amene chibwenzi chake ndi nduna ya boma John Profumo chinagwedeza Britain, atakhala pampando, amuna a m'nkhaniyo ali pamwamba pake, chinasowa. Timangochidziwa kudzera m'zithunzi za kamera zimene Boty mwiniwake waima pambali pake.