Chenjezo kwa eni galimoto zakale za dizilo ku Dedza ndi ku Ntcheu

Ana anga oyendetsa mapikapu, ndimvereni. Ndagwira sipanala mpaka imvi mbuu, ndipo zimene ndikuona masiku ano zikundiwawa mumtima.

Galimoto ikayamba kufooka pa mitunda ya ku Bembeke, mumangoti yakalamba, n'kuponda mafuta mpaka pansi. Ena mumathamangira kwa makaniko kuti awonjezere dizilo pa pampu. Utsi kuti bii, mafuta kutha ngati madzi, mphamvu osabwera. Ena mwataya ndalama zankhaninkhani kugula turbo ina (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), chikhalirecho chavuta ndi kapaipi ka mphira kosaposa chala.

Injini ya dizilo siipanga yokha vacuum, mphamvu yoyamwa mpweya, ngati ya petulo. Ili ndi pampu yakeyake ya vacuum, ndipo pa Toyota Hilux zambiri zakale imakhala kumbuyo kwa alternator. Pampu imeneyi imayendetsa valavu ya EGR yobwezera utsi wina mu injini, pa galimoto zina imalamuliranso turbo. Koma apa ndiye mumvetsetse: ndi yomweyo imapatsa mphamvu mabuleki. Timapaipi take timauma ndi kutentha, timang'ambika kumapeto, nthawi zina makoswe amatitafuna galimoto ikagona pafupi ndi nkhokwe. Mpweya ukamalowa pong'ambikapo, lero turbo isiya kukoka, mawa chopondera mabuleki chiuma gwa ngati mwala.

Nanga inu mukutani? Kumanga ndi malegeni, kutseka paipi ndi msomali, kenako kupakira matumba a kachewere pa Lizulu, amayi ochita geni pamwamba ndi ana kumbuyo, ulendo wotsetsereka Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Makhotakhota aja simukuwadziwa? Phompho lija simunalione? Amayi amenewo akulipirani ndalama zawo poganiza kuti mukawafikitsa.

Kuyesa ngati vacuum ikufika ku mabuleki sikufuna ndalama. Injini ili chizimire, popani mabuleki mpaka chopondera chilimbe, pondanibe, n'kuliza injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono. Chikapanda kutsika, galimotoyo isachoke pakhomo. Tsegulani boneti, tsatirani kapaipi kalikonse ndi zala, mverani kumene kukulira psii. Yang'ananinso paipi yaikulu yochokera ku turbo ngati yanyowa oyilo pong'ambika, ndi sefa za mpweya ndi dizilo zomwe ena simunasinthe chigulireni galimoto.

Inunso amakaniko anzanga, lekani kukhudza pampu ya dizilo musanayeze vacuum ndi geji. Mwini galimoto akakana kusintha paipi, muuzeni pamaso pa anthu kuti mabuleki ake sali bwino, ndipo musamumangire ndi waya ngakhale achonderere.