Za mizimu zithere pa sikirini, zisafike pakhomo pa agogo

Sabata yathayi, pamsika wina pakati pa Nchalo ndi Ngabu, anyamata anatuluka m'chisakasa cha vidiyo cha m'ma 9 koloko usiku ataonera gawo lachiwiri la sewero la mizimu lija aliyense akulithira m'foni masiku ano. M'gawo limeneli ndi momwe zikuululikira kuti wodya ana m'mudzi ndi nkhalamba yoyandikana nayo nyumba, youluka pa lichero. Ali pa ulendo wa kwawo anakumana ndi mayi wokalamba ali yekhayekha m'mbali mwa msewu, nsalu itamasuka, sakudziwa kolowera. Wina anakuwa kuti, "Ndi yemweyu! Ndege yamuthera mafuta!" Anawazinga mayiwo, mafoni m'mwamba, tochi kumaso, ena atatola kale miyala. Pakanapanda wakabaza wina wowadziwa amene anathamangira kwa anyakwawa, bwenzi lero tikukamba za maliro. Kutacha, kanema wa mayiwo anali m'magulu a WhatsApp kuchokera ku Dyeratu mpaka ku Marka, pansi pake atalemba kuti "pati 3 yayambira kwathu kuno".

Kodi mitu ikuyenda bwino, ana inu? Munthu woti anabereka makolo anu, kumuunika kumaso ngati mbava ya mbuzi chifukwa cha filimu? Ndipo si pokhapo. Adzukulu ayamba kuitana agogo awo ndi dzina la mfiti ya m'seweromo, kukana nsima imene agogowo aphika ati yathiridwa. Anyamata akulowa kumanda pakati pausiku kukajambula mizimu kuti apeze owatsatira pa TikTok, malo oti akuluakulu omwe salowako popanda chilolezo cha amfumu. Ena akuyatsa makandulo mozungulira m'nyumba ya udzu, ati akuitana mzimu monga anachitira mtsikana wa m'gawo lachiwiri. M'nyumba ya udzu! Nyengo ino ya chilimwe ya kuno kuchigwa cha Shire, denga litauma gwa, mphepo ikuomba chotere! Likayaka mudzaitana mzimu uti kuti uzimitse? Mukukanganatu pa Facebook usiku wonse, uyu akuti zinachitikadi, uyo akulumbira kuti msuweni wake anaona ndi maso. Anaona chiyani?

Munthu uja mukuti anasowa pamaso panu m'seweromo sanasowe. Kamera amaikhazika pa miyendo yake itatu kuti isagwedezeke, amajambula wosewera ataima, amaimitsa, wosewerayo n'kuchokapo wapansi ngati ine ndi inu, kenako amajambulanso malo omwewo opanda munthu. Akalumikiza zidutswa ziwirizo pa kompyuta, diso lanu limene likulandira zithunzi 24 kapena 25 pa sekondi iliyonse silingaone msoko. Lichero louluka lija lili pa tebulo, kumbuyo kwake atapachika nsalu yobiriwira. Kompyuta imachotsa chilichonse chobiriwira n'kuikapo mitambo. Yang'anitsitsani m'mphepete mwa tsitsi la wosewerayo, kawirikawiri mumatsalira kamzere kobiriwira. Madzi obwerera okha mu mtsuko ndi kanema woyendetsedwa chafutambuyo. Maso ofiira ndi timagalasi tofewa toika m'diso, magazi ndi madzi a shuga okandapala osakaniza ndi utoto wofiira wa zakudya, nkhungu ya kumanda imatuluka m'makina a utsi. Kulira kwa kadzidzi, kugunda kwa mtima, kukwekwereza kwa chitseko, zonsezo amaziikamo pambuyo pake ku situdiyo. Tsitsani mawu a foni mpaka ziii, muonerenso gawo lomwe linakusowetsani tulo lija. Mantha atsala angati?

Nanga mawu a Chichewa amene mukuwagwira ngati uthenga wa m'Baibulo aja ndi a ndani? Ndi a DJ womasulira, mnyamata wokhala ndi maikolofoni m'kachipinda, amene ntchito yake ndi kukometsa kuti filimu igulidwe. Pamene wosewera wangoti tiyeni tizipita, iye amaonjeza zake, amatchula Bangula, amatchula Makhanga, amati agogo a kwanuko amatero. Wolemba seweroli sanapondepo phazi ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Akudziwa chinthu chimodzi, kuti gawo lachiwiri likathera pa chinthu choopsa mudzafunafuna lachitatu. Mfiti aisandutsa nkhalamba chifukwa makwinya, imvi ndi mkamwa mopanda mano n'zosavuta kuopsezera nazo ana, basi. Inu n'kutenga malonda a munthu kuwasandutsa umboni wozengera mlandu mnansi wanu?

Mayi amene munawazinga aja akudwala. Pali matenda a ukalamba amene amadya ubongo pang'onopang'ono, achipatala amawatchula kuti dementia. Amayamba ndi kuiwala za dzulo pomwe za kalekale akuzikumbuka bwinobwino. Kenako munthu amasokoneza maina a adzukulu, amaitana mwamuna wake amene anamwalira zaka makumi zapitazo, amasochera panjira ya kuchigayo imene waiyenda moyo wake wonse. Chisokonezocho chimakula dzuwa likamalowa ndi usiku. Onjezani kutentha kwa kuno, kumene mwezi wa October kumapitirira madigiri 40, anthu akugona panja, zitseko zili pululu, wokalamba sakumwa madzi okwanira. Amadzuka, amavula chifukwa cha thukuta, amanyamuka ati akupita kwawo kumudzi umene mwina unakokoloka kale ndi madzi a Shire kapena Ruo. Mukamufunsa mokalipa muli khumi, amavomera chilichonse chimene mwamuuza, ngakhale kuti wauluka. Kumeneko mukuti kuulula? Munthu wotere mumamufikira mmodzi kapena awiri, kutsogolo kwake kuti akuoneni, tochi yoloza pansi. Mumamufunditsa chitenje, kumukhazika, kumupatsa madzi, kumufunsa dzina ndi mfunda wake mofatsa, n'kupita naye kwa anyakwawa kapena kupolisi kuti abale ake apezeke. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Chimodzimodzi mwana akagwa n'kuyamba kuphupha. Zamveka kuti mtsikana wina atagwa m'chisakasa cha vidiyo chodzaza, chopanda ndi zenera lomwe, anzake anamuwaza mchere, kumupana manja ndi miyendo, kumukuwira kuti mzimu utchule dzina, chifukwa ndi zimene anaona pa sikirini. Mukufuna kupha mwana wa eni? Khunyu si mzimu ndipo sapatsirana pokhudza thovu. Chotsani moto, njinga, mabenchi ndi chilichonse chimene angadzipweteke nacho, ikani nsalu yopinda pansi pa mutu, musamupane, musaike supuni kapena chala mkamwa, musamumwetse kanthu. Kugwedezeka kukaleka mugonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke. Yang'anani nthawi pa foni yomwe mukujambulira zopusayo: kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, thamangani naye kuchipatala. Mwana wamng'ono wotentha thupi akakomoka, ganizani malungo aakulu kaye, makamaka kuno kumene udzudzu wa m'madambo a Elephant Marsh sutha. Kuyeza magazi a pachala kumatenga mphindi 15 mpaka 20 zokha. Usiku umene mukuutaya pofufuza amene wamulodza ndi womwewo umene malungo akukwera kumutu.

Mwaiwala msanga bwanji? Mu January 2016 ku Neno, mphezi itapha mtsikana, anthu anapha nkhalamba 4 za m'mudzi momwemo ati ndizo zinatumiza mpheziyo. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi maboma ena a kummwera kuno. Anthu anaphedwa m'misewu, magalimoto anaphwanyidwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo ku Blantyre gulu linapha mnyamata wodwala khunyu. Alipo wopopa magazi amene anagwidwa, ngakhale mmodzi? Zonsezo zinayamba ndi mawu omwe mukulembawa: "ndamva", "akuti", "tumizirani ena". Nthawi imeneyo mafoni a intaneti anali ochepa. Lero bodza likuchoka ku Thabwa n'kufika ku Nsanje boma minibasi isanadzaze.

Kaya mumakhulupirira za ufiti kaya ayi, zimenezo n'za mumtima mwanu, koma lamulo la dziko lino silinasinthe. Witchcraft Act ya 1911 ikuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende. Lamulo lomwelo limaletsa kumwetsa mwabvi ndi kuitana wofufuza mfiti m'mudzi. Kuyika nkhope ya munthu pa intaneti pofuna kumuzunza kapena kumuopseza kuli ndi lamulo lakenso, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Ndipo mwala ukapha, khothi silifunsa kuti munalipo angati. Kanema amene mukunyadira uja ndiye mboni yoyamba: nkhope zanu zilimo, mawu anu alimo, nambala imene inayamba kutumiza ikudziwika. Mudzakauza woweruza kuti chinakutumani ndi pati 2?

Chigwa chino sichinayambe kumva za mizimu pa TV. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kuli kachisi wa mzimu wa Mbona, wakhalapo zaka mazanamazana, ndipo kumeneko munthu salowa chilowelowe, pali eni ake, pali mwambo, pali ulemu. Osunga miyambo imeneyo, odziwa mayina a makolo, odziwa malire a minda madzi osefukira akafafaniza zizindikiro, ndi okalamba omwewa mukuwatola miyala. Pa Cyclone Freddy mu March 2023, ndi pa namondwe wotchedwa Ana chaka cha 2022, ndani anatsala ndi ana amasiye m'misasa? Si agogo omwewa?

Inu eni zisakasa za vidiyo, mukulowetsa ana a sitandade 3 kuonera mitembo ikudzuka usiku, bola alipira. Mwana wa zaka 8 sasiyanitsa sewero ndi zenizeni. Akukodza pamphasa, akukuwa kutulo, m'mawa n'kumati agogo anabwera kudzanditenga, ndipo akuluakulu opanda nzeru n'kuyamba kumufunsa kuti anakutengera kuti. Milandu yambiri ya "kuphunzitsa ana ufiti" imabadwa chomwechi, mwana akubwereza zimene waonera dzulo. Ikani malire a zaka pakhomo, mafilimu otere aonetsedwe ana atapita kwawo. Inu oyang'anira magulu a WhatsApp, chala chofufutira kanema wa mayi aja chathyoka? Nanga makolo anzanga, memori khadi ili m'foni ya mwana wanu munaitsegulapo n'kamodzi komwe? Mukudziwa kumene amakhala 10 koloko usiku, m'dera loti mvuu zimatuluka kudzadya m'madimba ndipo ng'ona zili pa dooko?

Onerani sewero lanulo, kanganani za amene afe m'gawo lachitatu, palibe akukuletsani. Koma mayi aja mpaka lero akuopa kutuluka ngakhale kupita kuchimbudzi, ndipo amene munawazinga mukudzidziwa. Fufutani kanemayo, mupite ndi makolo anu mukapepese. Manyazi mulibe?